Tsiku Limene Ndinali Wotchi ya a Medikala

Pa moyo wanga wonse ulendo wautali ndinayenda umodzi wokha, kuchoka kwathu kwa Kanyenda mpaka ku Salima, ndipo ndinauyenda nditanyamula mwendo wa mwamuna wanga pamene mkazi mnzanga anali atanyamula mutu. Anthu akamaifotokoza nkhaniyi amanditama kwambiri. Lero ndati ndiifotokoze ndekha.

Tinali pa mitala. Ine amake Rajabu ndiye wamkulu. Ndinakhala ndi a Sumani zaka khumi ndi zisanu, ana anayi, kenako tsiku lina anangofika ndi kamtsikana kakhosi lalitali, NyaMhone, Mtonga amene makolo ake anachokera kumpoto kudzapha usipa kuno. Analowa Chisilamu, shehe anamupatsa dzina loti Mariyamu, koma dzina limenelo pakamwa panga silinatulukepo. Lamulo la pakhomo linali masiku awiriawiri. Tsiku la ngoziyo linali langa, koma bambo aja anagona kwa iye, ati nyumba yake ili pafupi ndi dooko ndipo akufuna kulawirira kukaonjola miono. Ine ndinangoti, "Chabwino, dooko lasendera chaka chino."

Inali nyengo ya mvula yeniyeni, masiku atatu osakata. Kutangocha, mayi wina woyandikana nafe anabwera akuthamanga, duku lili m'manja.

"Amake Rajabu, mukadali pano mukusesa? Amuna anu yawagwira ng'ona m'mabango!"

Ndiye kuti mudzi wonse unali utamva kale, ine wotsiriza. Ndinathamanga wopanda nsapato mpaka pa kachipatala kathu kakang'ono. Ndinawapeza pakhonde atagona pa chitseko chimene amuna anawanyamulira. Anzawo anaimenya ng'onayo ndi nkhafi mpaka inawasiya, koma mwendo wakumanzere kumunsi kwa bondo unali wosaoneka bwino, magazi akungotuluka ngati pampopi. Ndinalira, ndisaname, ndinalira kuchokera pansi pa mtima. Koma ngakhale ndikulira choncho maso anga anaona kuti chitsekocho ndi cha nyumba ya NyaMhone, chamatabwa osalala, pamene changa chinali cha bango. Mwiniwake anali kale pomwepo, mutu wa a Sumani uli pamiyendo pake.

A medikala athu anali a Nkhoma, bambo wamfupi wosakweza mawu. Mabandeji anawathera magazi asanasiye. Sanadandaule. Anatembenuza njinga yawo yomwe, kusolola chubu, kuchidula ndi sizasi, kumanga pamwamba pa bondo, nkulowetsa supuni pa mfundo ndi kupotokola mpaka magazi anaima.

"Tamvani nonse awiri," anatero. "Mphira iyi ikusunga moyo wawo, koma ikakhalitsa ipha mwendo. Pakatha mphindi khumi ndi zisanu zilizonse ndizimasula pang'ono kuti magazi afike kuphazi, kenako ndizimanganso. Tikatero mpaka tikapeze dokotala wong'amba, mwendowu abwera nawo kumudzi."

Munamuonapo msodzi wa mwendo umodzi ataimirira m'bwato? Tonse, akazi awiri ndi ana asanu, kuwerengera ndi mmodzi wa NyaMhone, tinkadya mwendo umenewo.

Mwayi wake ambulansi inali itabweretsa mankhwala dzulo lake ndipo inagona komweko. Dalaivala, a Bwanali, anatsegula kumbuyo nkunena kuti wodikirira wodwala amakwera mmodzi. Tinakwera tonse awiri, osayang'anana. A Bwanali anatsegula pakamwa kuti ayankhule, a Nkhoma nkuwagwira phewa.

"Asiyeni. Tikayamba mlandu wa mitala pano munthu atifera. Inu amayi aakulu, manja anu ndi olimba, nyamulani mwendowu ukhale m'mwamba. Inu aang'ono, gwirani mutu usamagunde."

Anandiyamikira manja, ee, koma taonani amene anapatsidwa nkhope. Njira yonse iye ankawapukuta thukuta, kuwanong'oneza, ine ndikuyang'anizana ndi chidendene chong'aluka.

Pa Dwangwa anyamata a chipani anali atapingasa nsungwi pamsewu. Masiku amenewo wopanda khadi la chipani sankalowa mumsika, sankakwera basi. NyaMhone anamasula mfundo ya nsalu yake, nkutulutsa makhadi awiri, lake ndi la a Sumani. Khadi la mwamuna wanga kusungidwa pa mfundo ya mwana wadzulodzuloyu! Langa linali kunyumba m'chitini. Ndisanaganize chonena, a Nkhoma anali atatola bandeji yamagazi pansi nkundikulunga nayo mutu mpaka diso limodzi.

"Tsamirani apo, musayankhule," anatero chapansipansi. Ndipo kwa anyamatawo, "Odwala ndi awiri, ng'ona imodzi. Mukufuna kuona bwinobwino?"

Mmodzi anasuzumira, kuona mwendo uja, nkubwerera m'mbuyo atagwira pakamwa. Nsungwi inakwera. A Bwanali anaseka mpaka pa Liwaladzi, ati sanaonepo ng'ona yoluma munthu kumutu nkumusiyira duku. Ine sindinaseke nawo. A Nkhoma ankangoyang'ana wotchi yawo ya pamkono, nthawi ikakwana kumasula supuni, magazi kuchucha pa nsalu yanga, phazi kufunda pang'ono m'manja mwanga, kenako kumanganso.

Pa Bua tinafika cha m'ma teni koloko. Mlatho unkaoneka uko, koma msewu wofikira pa mlathowo madzi anali ataumeza. Mtsinje unali wofiira, ukukokolola nthochi, mapesi a chimanga, ndi mbuzi imodzi yotupa. Basi inali itagona pomwepo ndi anthu ake, azimayi akuotcha mondokwa m'mphepete mwa msewu. Onse anatiunjikira pa mawindo, aliyense ndi nzeru zake. Wina ati dikirani, madzi amenewa pofika madzulo aphwa. Wina ati bwererani mukadzere ku Kasungu. Mkulu wina wa chipewa ati pabalapo muthire fodya wa labu. A Bwanali anavula malaya nkulowa m'madzi ndi ndodo kuti ayese kuya kwake, ndipo asanapite patali madzi anali m'chifuwa.

"Galimoto siingadutse," anatero atabwerera.

"Nanga munthu?" anafunsa a Nkhoma.

Anaima awiriwo osakangana, akungomwaza maso uku ndi uku ngati anthu osankha ndiwo pamsika. Panali asodzi a kumathiriro a Bua ndi mabwato awo, koma bwato limodzi ndi lopapatiza, chitseko sichingakhalepo, ndipo pa madzi otere limagudubuka. A Nkhoma anati abweretse awiri. A Bwanali anakwera padenga la basi nkumasula zingwe zomangira katundu, kondakitala akukuwa kuti matumba a anthu agwa. Anadula nsungwi zinayi, kuzipingasa pa mabwato awiriwo, kumanga zolimba, chitseko nkuchikhazika pamwamba. Zonsezi a Nkhoma akuthamangira ku ambulansi kukamasula mphira nkubwerera kudzakoka chingwe ndi mano.

Vuto linatsala pa botolo la diripi imene a Nkhoma anawaika a Sumani. Linkafunika kukhala m'mwamba, ndipo m'bwato mulibe pokoloweka. Analimangirira kunsonga kwa nkhafi nkufunsa amene angaiimike chilili mpaka tsidya. Ine kwathu ndi alimi a mpunga, madzi ndimawadziwa ofika m'mawondo. Ndisanayankhe, NyaMhone anali atakwinya nsalu, phazi lina m'bwato ili, lina m'bwato ilo, nkhafi m'manja, ataima njo.

"Eee, koma mkazi uyu ndi wa m'madzi!" anatero msodzi wina. "Mwamuna wake anasankha."

Ine ndinali nditakhala pansi m'bwato, madzi akundinyowetsa kumbuyo, maso nditatsinzina, mwendo ndili nawo. Mawu amenewo anandilowa kuposa mantha a madzi.

Pakatikati tinagunda mtengo womira. Mabwato anayamba kutanyuka, chitseko nkupendekeka, a Sumani nkukuwa. A Nkhoma sanafunse munthu, anangodziponya m'madzi pakati pa mabwato awiriwo, mkono uwu kukolera bwato ili, mkono uwo bwato ilo, nkuwakokera pamodzi ndi chifuwa chawo mpaka asodzi anatikankha kuchoka pamtengopo. Anthu kumtunda ankakuwa za ng'ona. Iwo anatuluka tsidya lino akutsokomola madzi, nsapato imodzi itapita. A Bwanali anatsala tsidya lija ndi ambulansi yawo, akutibayibitsa ndi malaya.

Tsidya linolo panali lole yodzaza azimayi ovala nsalu za chipani. Inabwera kudzatenga anzawo a kumpoto koma inalephera kuoloka, ndipo inali pafupi kutembenuka kupita ku Salima kumene ankakavina pa msonkhano waukulu. Mtsogoleri wawo, mayi wonenepa wa mawu ngati mwamuna, anakana tisanapemphe nkomwe.

"Loleyi ndi ya chipani, si ya matenda. Magazi adetsa nsalu za amayi."

A Nkhoma, madzi akuchucha m'thalauza, anavula chipewa chimene analibe, kunena kwake anagwira pamutu nkuwerama. "Zoona amayi a tcheya. Ine ndimangoganiza kuti zikakamveka ku Salima kuti amayi a kuno anyamula munthu wolumidwa ndi ng'ona nkumupulumutsa, pamsonkhanopo atchula dzina la ndani?"

Mayi uja anatembenukira anzake. "Tasenderani uko inu! Simukuona wodwala?"

Titakwera, a Nkhoma anayang'ana pamkono, kugwedeza, kuika kukhutu. M'galasi la wotchi munali madzi. Anafunsa ngati pali wina ali ndi wotchi. Dalaivala wa lole anali nayo yonyezimira, koma anati inaima chaka chatha, amangovalira ulemu. Ndinaona nkhope ya a Nkhoma ikugwa koyamba tsiku limenelo. Ndiye maso awo anagwera pa dzanja langa. Chichokereni m'madzi muja ndinali nditatulutsa tasibihi yanga, mikanda imene timawerengera potchula Mulungu, ndikupempha chamumtima.

"Amayi, mikandayo ilipo ingati?"

"Makumi asanu ndi anayi, kudza isanu ndi inayi."

"Tawerengani momwe mumawerengera masiku onse. Musafulumire chifukwa cha ine."

Ndinayamba, Subuhanallah, Subuhanallah, iwo atagwira mtsempha wa pamkono wawo, milomo ikuyenda. Nditazungulira kamodzi anagwedeza mutu. Anapempha bokosi la machesi kwa dalaivala, kukhuthula, nkusankha timitengo khumi kundiika pa nsalu.

"Mukazungulira kamodzi, kamtengo kamodzi mubwezere m'bokosi. Tikatha tonse khumi mundiitane, kaya ndikuchita chiyani. Kuyambira pano wotchi ndi inu."

Mwendo anausanjika pa ng'oma ya ovinawo kuti manja anga apepuke. Abale, ndinamva kukoma! Azimayi akayamba phokoso, tcheya uja ankawakalipira, "Chete, mukusokoneza wotchi!" Ndikati, "A medikala, zakwana," munthu wophunzira ankadzuka msangamsanga pa mawu anga. A Sumani anatsegula maso kundiyang'ana, ndipo anandiyang'ana nthawi yaitali. NyaMhone anali ndi mutu, inde, koma mutu aliyense angaugwire. Ndinkamuponyera diso kuti ndione ngati zikumuwawa.

Pa chipatala cha pa boma tinapeza kuti dokotala wong'amba anapita ku Ntchisi dzana lake ndipo mvula yamutsekera komweko. Amene tinawapeza anayesa kugwira mtsempha ndi tizitsulo tawo, koma unali utathawira mkati. Anasintha diripi, kuwabaya jekeseni, kupatsa a Nkhoma malaya ouma ndi nsapato za eni ake, nkunena kuti pitirirani ku Salima. Pakhoma la m'chipindamo panali wotchi yaikulu. A Nkhoma anati ndiwerenge timitengo tanga tonse akuyang'ana pamenepo, ndipo nditaponya kotsiriza m'bokosi anaomba m'manja kamodzi.

"Ndendende! Amayi, inu ndi makina."

Nesi wina wachikulire anali atayamba kumasula kawotchi kake ka pachifuwa kuti awabwereke a Nkhoma, monyinyirika, chifukwa anali yekha pa odwala onse. Apa ndi pamene ndinalakwa koyamba. Ndinaona kuti kawotchi kaja kakakwera lole, ine ndibwerera ku chidendene.

"Musavutike anesi," ndinatero mokweza kuti ndi wakumutu yemwe amve. "Inu muli ndi odwala ambiri. Ine sindinaphonyepo chichokereni pa Bua."

A Nkhoma anayang'ana kawotchiko, kuyang'ana ine, nkunena kuti, "Chabwino, asiyireni. Tiyeni."

Tinadutsa Chia azimayi akuyeserera nyimbo zawo chapansipansi. Pa Benga tinaima pang'ono, dalaivala kuthira madzi mu injini, tcheya kugula nthochi nkundisendera yekha kundiika pakamwa kuti zala zanga zisaime. Mvula inali itakata, dzuwa latuluka loswa mtengo. Titangopitirira Benga, pamalo pamene kamtsinje kanadula msewu, lole inalowa m'makande nkukhala pansi mpaka ma akiselo. Dalaivala anaponda moto, matayala akungozungulira, ikumirirabe.

"Zimitsani!" anakuwa a Nkhoma. Aka kanali koyamba kuwamva akukweza mawu. "Mukuikumbira manda. Tsikani nonse."

Anatinyamula ndi chitseko chathu kukatiika pansi pa mtengo wa mango, kapatali ndithu ndi msewu, botolo nkulikoloweka pa nthambi. Anamasula mphira, kumanganso, nkundipatsa timitengo tanga.

"Ndili apo. Zikakwana mungokuwa."

Ndinkawaona ali uko akugawa ntchito. Anazula matabwa a m'mbali mwa lole kuti jeke ikhale ndi poponda. Azimayi ena anawatuma kukathyola nthambi, ena kukatuta miyala ya m'kamtsinje pamutu, nsalu za chipani zili matope okhaokha, tcheya ali patsogolo ndi mwala waukulu kuposa onse. Iwo eni anagona chamimba pansi pa lole akufukula ndi mbale.

Pansi pa mango tinatsala atatu. Chikwatiwire NyaMhone, tinali tisanakhalepo atatu patokha. Ndinaponya kamtengo koyamba, kachiwiri, kachitatu. Jekeseni ija inali itawagwira a Sumani, ululu utachepa, ndipo anayamba kuyankhula. Anayankhula Chitonga.

Ine sindinkadziwa kuti mwamuna wanga amatha Chitonga. Zaka zonsezo pakhomo panga ankayankhula zofunsa madzi osamba ndi zodandaula mchere. Apa mawu ankangotuluka osapunthwa, ofewa, mawu amene ine ndinawamva komaliza tili achinyamata. NyaMhone ankaviika chala m'kapu nkuwanyowetsa milomo, akuwayankha chapansipansi. Anaphunzira liti? Ankaphunzitsana nthawi yanji, atakhala pati? Kenako pakati pa Chitongacho ndinamva "amake Rajabu". A Sumani anaseka, kaphwete kofooka, ndipo NyaMhone anagwira pakamwa.

Thupi langa lonse linasanduka khutu. Ndinasendera pang'ono. Chitonga chili ndi mawu ena ofanana ndi athu, ndiye ndinkatola limodzi apa, lina apo, kuyesa kulumikiza. Ndinamva za nyumba, ndinamva za bwato, ndinamvanso dzina langa kachiwiri. Akundiseka kuti ndinatsinzina m'bwato? Akugawana katundu ine ndili pompano? Ndinayamba kukonza mawu amene ndidzamuuze mtsikanayu tikabwerera kumudzi, ndi amene iye adzayankhe, ndi amene ndidzamubwezere.

Chimene chinandidzutsa ndi kutentha. Pamene ankatiika, mthunzi wa mango unali utatiphimba tonse mpaka kupitirira. Tsopano dzuwa linali likuwomba pa mwendo wovulalawo ndi pa mawondo anga. Ndinayang'ana dzanja langa. Zala zinali zitaima pa mkanda umodzi, sindikudziwa kuyambira liti. Pa nsalu panali timitengo tisanu ndi tiwiri.

Nditadzutsa maso ndinapeza NyaMhone akuyang'ana zala zangazo. Kenako anayang'ana ine.

Nthawi yomweyo a Nkhoma anatulutsa mutu pansi pa lole. "Amayi aakulu! Sizinakwane?"

Pakanakhala ine ndekha ndi Mulungu wanga, ndikanakuwa kuti bwerani msanga, ndasokoneza. Koma kuti ndinene zimenezo pamaso pa iyeyo, ine wotchi, ine makina, ine amene ndinabweza kawotchi ka anesi? Pakamwa panga panayankha pokha.

"Zatsala pang'ono!"

Anabwerera pansi pa lole. Ine ndinayamba kuthamangitsa mikanda, dzina la Mulungu ndikulimeza theka, timitengo ndikuponya tiwiritiwiri. Ngakhale choncho zinatenga nthawi. NyaMhone anatsegula pakamwa kamodzi ngati akufuna kuitana yekha, ine nkumuyang'ana ndi diso limene ankalidziwa bwino, ndipo anatseka. Anali wamng'ono, pakhomo sankayankhula ine ndisanayankhule. Ndinamuphunzitsa ndekha zimenezo.

Pamene ndinkati "zakwana", lole inali ikutuluka m'matope, azimayi akululutira. A Nkhoma anabwera akuthamanga, akupukuta manja pa malaya obwereka aja. Anamasula supuni, nkugwira phazi. Anadikira. Anatsina chala chachikulu, kufinya chikhadabo, kudikiranso. Phazilo linali lozizira, lotuwa ngati phulusa, ndipo silinafunde monga linkachitira m'mawa. Anakweza maso kuyang'ana dzuwa, kuyang'ana pamene mthunzi unafika, koma ine sanandiyang'ane.

"Tiyeni tikweze," anangotero.

Kuchoka pamenepo sindinaphonye ngakhale mkanda umodzi. Ku Salima tinafika nthawi ya swala ya Asiri, dzuwa litapendeka, azimayi anatitsitsa pachipata cha chipatala akuimba, ndipo a Sumani analowa nawo kuchipinda chong'ambira. Kutacha anatiuza kuti moyo wapulumuka, koma mwendo adula pamwamba pa bondo.

A Nkhoma ndinawapeza panja akufunsa za galimoto yobwerera. Ndinawapatsa moni, nkuima pamenepo ngati chitsiru. Mapeto ake ndinafunsa ngati mwendowo ukanatheka kupulumuka.

"Amayi, ng'ona inali itaphwanya fupa, ndipo ulendo unatalika. Mwina ukanapita ndithu. Mwina ayi. Ine sindidziwa." Anaweramira nsapato zobwereka zija. "Kawotchi kaja ndikanatenga. Kulakwa kumeneko ndi kwanga."

Ndinawalola kuti apite nako kulakwako.

Masana ake nesi wa m'chipindamo anati wodikirira atsale mmodzi, winayo azipita, ndipo apa panalibe a Nkhoma oti atinenerere. Tinaima tonse awiri kumapazi a bedi. Nesi anafunsa mwini wake kuti asankhe. Ine ndinali nditayamba kale kumanga kampukutu kanga.

"Atsale amake Rajabu," anatero a Sumani, mawu ali ofooka koma omveka chipinda chonse. "Mayi uyu wandisunga njira yonse. Anesi, mukumuona? Wotchi inafera m'madzi, iye nkukhala wotchi, osaphonya ngakhale kamodzi. Pakanapanda iyeyu bwenzi mukundisambitsa."

Zaka zitatu ndinkadikira kuti tsiku lina adzandisankhe pamaso pa mtsikanayo. Linali tsiku limenelo, koma ine ndinangomasula kampukutu kanga, maso ali pansi.

Ndinamuperekeza NyaMhone mpaka pachipata. Anandipatsa khadi la a Sumani, nkundiuza kuti phala amalikonda lopanda shuga wambiri, ngati ine sindidziwa. Ndinayesa kudzigwira koma zinakanika.

"Iwe, pansi pa mango paja munkanena chiyani za ine?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali, maso ali ofiira. Aka kanali koyamba kundiyang'ana osagwetsa nkhope.

"Akulu," anatero, "kodi inu munkawerenga, kapena munkamvetsera?"

Anatembenuka nkumapita kokwerera basi.

A Sumani anakhala zaka zina zambiri, akusoka maukonde a anthu pakhonde, ndodo zili pambali. M'bwato sanakwerenso. Mlendo aliyense wofika pakhomo ankamufotokozera za mabwato awiri a pa Bua, za lole ya azimayi ovina, ndipo pomaliza ankandiitana kuti mlendoyo aone wotchi yake. NyaMhone ankakhala pamphasa pomwepo akusankha mpunga, osadzutsa mutu. Sanauzepo munthu, ngakhale tsiku limene tinayambana mpaka kugwirana maduku. Ndinkafuna atanena, kuti ndipeze pomudera. Mpaka lero tikakumana pa maliro amandipatsa moni atagwada, amandifunsa za miyendo yanga, nkupita kukakhala ndi anzake akuseka momasuka. Ine ndimamuyang'ana kuchokera uko, ndipo nsanje imandigwira kuposa ya masiku a chitseko chamatabwa.